Mpeni wa amayi

M'boma la Angónia, m'cigawo ca Tete, muli mudzi wina kufupi ndi phiri la Dómuè. M'mudzimo mumakhala bambo wina wosula zitsulo. Anthu amabwera kwa bambowa ndi makasu, nkhwangwa ndi zikwanje. Iwo amazikonza. Amapanganso mipeni. Nkhani iyi ndi ya mpeni wawo woyamba. Anaupanga ali mnyamata wa zaka 9, pamodzi ndi agogo awo aamuna.

Kubwerera kumudzi

Kale m'dziko la Moçambique munali nkhondo. Anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Malawi. Nkhondo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri anasaina pangano la mtendere mumzinda wa Roma. Anthu anayamba kubwerera kwawo. Banja la mnyamata uja linabwerera mu 1994.

Pofika anapeza chire lokhalokha. Nyumba zinali zitagwa. Nkhokwe panalibe. Mbuzi panalibe. Inatsala ndi mitengo ya mapicesi imene agogo anabzala kale. Bambo anayamba kudula mitengo yomangira nyumba. Amayi anamweta udzu. Mnyamata ndi mlongo wake anali kutunga madzi.

Panali vuto limodzi laling'ono limene linali kubwera tsiku lililonse. Mpeni wa amayi unatayika pa ulendo. M'mawa amayi anali kupita kwa anansi kukabwereka mpeni. Madzulo anali kukabwereka kaciwiri. Anansiwo anali anthu abwino, koma nawonso anali ndi mpeni umodzi wokha. Nthawi yophika ndi imodzi m'mudzi wonse. Tsiku lina amayi anacita manyazi kupitanso. Anatenga civundikiro ca citini ndi kuyamba kusenda mbatata. Citinico cinatereka ndipo cinawaceka cala. Magazi anatuluka ambiri.

Agogo anaona zonsezi ali khale pansi pa mtengo. Sanalankhule msanga. Madzulo anaitana amayi.

Amayi anagwada. "Ndabwera, bambo."

"Mwana wanga, usasendenso ndi citini. Mpeni udzakhala nawo."

"Ndalama tizitenga kuti, bambo?"

"Sitigula. Tisula."

Zimene zinali pansi pa mtengo

Nkhondo isanafike, agogo anali mmisiri wosula. Pothawa sanathe kunyamula zipangizo zawo, cifukwa zinali zolemera. Anazikulunga m'thumba ndi kuzikwirira pansi pa mtengo wa mapicesi. M'mawa mwake anaitana mdzukulu wawo.

"Tenga khasu, mnzanga. Kumba apa."

Mnyamata anakumba. Khasu linagunda cinthu, ngwee! Thumba linali litawola. Koma zitsulo zinalipo. Panali nyundo. Panali mbaniro, yogwirira citsulo ca moto. Panali tupa ziwiri, zopalira citsulo. Zonse zinali ndi dzimbiri. Tupa imodzi inali itadyeka ndithu, koma inayo inali itakulungidwa m'nsanza ya mafuta, ndipo mano ake anali amoyo.

Agogo anagwira nyundo. Dzanja lawo linanjenjemera. Anali atakalamba. Maso awonso sanali kuona bwino.

"Nyundo ndimenya ndine," anatero agogo. "Koma kupala kumafuna maso. Maso anga anatsala ku Malawi. Undibwereka ako?"

Mnyamata anaseka. "Ndikubwerekani, agogo."

Citsulo ca m'chire

Mpeni umafuna citsulo. Mnyamata anadumpha. "Agogo, ine ndinaona zitsulo m'chire, kuseri kwa dambo. Ndikatenge?"

Agogo anamugwira mkono mwamphamvu. Nkhope yawo inasintha.

"Usakhudze! Citsulo ca m'chire cimene sukucidziwa, usacitole. Usaciponye mwala. Usaciyandikire. Bwerera m'mapazi ako omwe, ukauze akulu."

Masiku amenewo m'minda ndi m'njira zambiri munali mabomba okwirira, otsala pa nkhondo. Anapha ndi kupundula anthu ambiri, ana omwe. Akatswiri anagwira nchito yowacotsa kwa zaka zoposa 20. Mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabombawo ayeretsedwa. Koma lamulo la agogo aja ndi labwino mpaka lero. Cinthu cacilendo ca m'chire, mwana sakhudza.

Agogo anatenga nkhuku imodzi mwa nkhuku ziwiri za pakhomo. Anapita nayo ku msika wa ku Ulónguè. Anabwerako ndi cidutswa ca mola ya galimoto. Mola ndi citsulo caphanthiphanthi cimene cimanyamula galimoto pamwamba pa mateyala ake.

"Agogo, bwanji osangodula lata kapena kusula msomali?" anafunsa mnyamata.

"Zitsulo sizifanana. Lata ndi msomali ndi zofewa. Ungaziwoce, ungaziviike, sizilimba. Mpeni wake umabuntha tsiku lomwelo. Mola ikawochedwa ndi kuviikidwa imalimba. Tupa yakutha nayonso imapanga mpeni wabwino."

Agogo anayeza citsuloco ndi dzanja. Cinali cokwana mipeni iwiri basi. Anacidula pakati citafiira pamoto. Cidutswa cimodzi anacisunga m'nyumba.

Kumanga cipala

Malo osulirapo amachedwa cipala. Agogo sanamange cipala pafupi ndi nyumba. Nyumba inali ya udzu, ndipo moto wa cipala umathetheka. Anaponya fumbi m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikupita. Anasankha malo amene mphepo imacotsa moto kunyumba. Mnyamata analambula udzu wonse pamalopo.

Bambo anaimika mitengo inayi ndi kufolera cisakasa cacitali. Mthunzi ndi wofunika kwa wosula. Padzuwa citsulo ca moto sicionetsa bwino mtundu wake. Pamthunzi cimaoneka ngati cafiira pang'ono kapena cafiira kwambiri.

Pakati pa cisakasa anakumba kadzenje ka moto. Amayi anaumba kampopi ka dongo la pa culu, kobooka mkati. Anakaumitsa pamthunzi masiku angapo kuti kasang'ambike. Kampopi aka ndi kamene kamalowa m'moto.

Kenaka anapanga mvukuto. Mnansi wina anawapatsa zikopa ziwiri za mbuzi. Agogo anazifewetsa ndi kuzisoka ngati matumba. Thumba lililonse analimangirira ku nsungwi yobooka. Nsungwi ziwirizo zinaloza m'kampopi ka dongo. Agogo anasiya kampata kakang'ono pakati pa nsungwi ndi dongo.

"Kampata aka n'kaciyani, agogo?"

"Ukakweza thumba, limakoka mpweya. Popanda kampata, likhoza kukoka moto, cikopa n'kupsa."

Posulira panali mwala waukulu wolimba, wosalala pamwamba. Anaukhazika m'dothi kuti usagwedere. Mwala ukagwedera, mphamvu ya nyundo imatayika. Pambali anaika mphika wa madzi. Moto, mwala ndi madzi zinali pafupipafupi, mwakuti agogo anali kuzifikira zonse atakhala malo amodzi. Citsulo cimazizira msanga. Wosula alibe nthawi yoyendayenda.

Makala anawocha a mtengo wouma wa muwanga. Mtengo wolimba umapereka makala otentha, okhalitsa. Anawaphwanya kuti akhale ang'onoang'ono ngati mtedza wosasenda.

Kusula

Tsiku losula linafika. Mnyamata anakhala kumvukuto. Dzanja lamanja m'mwamba, lamanzere pansi. Lamanzere m'mwamba, lamanja pansi. Fu, fu, fu, fu! Makala anayaka. Citsulo cinada, kenaka cinafiira, kenaka cinawala ngati lalanje lakupsa.

Agogo anacitulutsa ndi mbaniro. Anamenya ndi nyundo. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Citsulo citayamba kuda analeka. Citsulo cozizira sacimenya, cimang'ambika mkati. Anacibwezera m'moto. Anatero nthawi zambiri. Anthu a m'mudzi anamva kulira kwa nyundo. Ena anabwera kudzaona. Agogo ena aakazi anati: "Mudzi wadzuka tsopano."

Dzuwa likupendeka, citsulo cinali citaoneka ngati mpeni. Agogo anaphunzitsa mdzukulu wawo maina.

"Uku kokhuthala ndi kumsana. Uku kodulira ndi kukamwa. Iyi ndi nsonga. Uwu woonda ndi mcira, umene udzalowe m'cigwiriro."

Anauwochanso mpaka kufiira, ndipo anaukwirira m'phulusa lotentha. Unagona m'menemo usiku wonse. Citsulo cikazizira pang'onopang'ono cimafewa, ndipo tupa imatha kucidya.

Nchito yosula ndi yakale kwambiri m'dziko lino. Amaravi, makolo a Anyanja ndi Acewa, anali kukumba miyala ya citsulo ndi kuisungunula m'ng'anjo za dongo. Makasu awo anali kugulitsidwa mpaka ku Tete. Mu 1831 Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi kucokera ku Tete, ndipo analemba za nchito yawo ya zitsulo. Usiku umenewo agogo anasimbira ana za agogo awonso, amene anawaphunzitsa kugwira nyundo.

Mtsetse wa mpeni

M'mawa agogo anafukula mpeni m'phulusa. Unali wakuda. Kukamwa kunali kokhuthala ngati kumsana. Sukanadula ngakhale nthoci.

"Tsopano yafika nchito ya maso ako," anatero agogo. "Tayang'ana phiri la Dómuè. Pamwamba ndi pang'ono. Mbali iyi yatsetsereka, mbali inayo yatsetsereka. Mpeni ndi comweco. Uli ndi mitsetse iwiri. Pamene mitsetse ikumana ndi pamene pamathwa."

Anatenga nkhwangwa ndi kumuonetsa. Mtsetse wa nkhwangwa ndi waufupi. N'cifukwa cake nkhwangwa imamenya mtengo wouma koma siphwanyika. Kenaka anamuonetsa lumo. Mtsetse wa lumo ndi wautali ndi woonda. Limameta tsitsi, koma likagunda fupa limagweluka.

"Mpeni wa amayi ako ukhale pakati. Udule tomato, udulenso nkhuku."

Agogo anagoneka mpeni pa thabwa. Anakhoma misomali mbali ndi mbali ndi kuipinda kuti igwire mpeni. Thabwalo analimangirira pa citsa ca mtengo. Mpeni ukamayendayenda, mtsetse umakhota.

Anapaka mwaye kukamwa kwa mpeni. Anapatsa mnyamata msomali wakuthwa kuti alembe mzere pakati penipeni, kucokera kumcira mpaka kunsonga. Analembanso mzere wina pathupi pa mpeni, wosonyeza pamene mtsetse udzalekezere.

"Mzere wa pakati ndi malire a munda," anatero agogo. "Mbali iyi ili ndi munda wake. Mbali inayo ili ndi wake. Wina asalime m'munda wa mnzake."

Mnyamata anagwira tupa. Anayamba kuikankha ndi kuikoka mofulumira.

"Ayi, mnzanga. Tupa imadya popita pokha. Pobwerera uzinyamula. Ukaikoka pa citsulo, mano ake amatha. Tupa tili nayo imodzi."

Mnyamata anayambanso. Dzanja lamanja kucigwiriro, lamanzere kunsonga ya tupa. Kankha, nyamula. Kankha, nyamula.

"Usakweze dzanja, usalitsitse. Mmene wapendekera poyamba, upendekere comweco mpaka pomaliza. Ukamasinthasintha, mtsetse umakhala ndi mimba ngati dzungu. Werenga."

"Cimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi..."

Atafika pa 20 anatembenuza mpeni. Anapalanso 20 mbali inayo. Anapakanso mwaye. Pamene tupa yadya, mwaye umacoka ndipo citsulo cimayera. Pamene pakadali pakuda, tupa sinafikepo. Motero mwaye unali kumuuza mnyamata pamene watsala.

Anapala tsiku lonse. M'manja munatuluka matuza. Anapalanso tsiku laciwiri. Madzulo agogo anapapasa mpeni ndi cala cacikulu.

"Basi. Leka pamenepa."

"Koma agogo, sunathwe! Kukamwa kukadali kokhuthala."

"Kukhale comweco, ngati m'mphepete mwa kandalama kacitsulo. Mpeni uyenera kulowanso m'moto. Kunola n'komaliza. Mawa madzulo tiuviika."

Thi!

Mnyamata sanakhutire. Anaona cala ca amayi comanga nsanza. Anafuna kuti mpeni uthe msanga. M'mawa agogo atapita kudimba, iye anapita yekha kucipala. Anatenga tupa. Anapala, anapala, mpaka kukamwa kunaonda ngati tsamba. Anadula nako udzu. Unaduka. Mnyamata anakondwa. Sanauze munthu.

Madzulo anakoleza moto. Kuviika kumacitika kukamada, kuti kufiira kwa citsulo kuoneke bwino. Agogo anali ndi citini ca oyilo wakale wa ku cigayo. Analinso ndi maginito ocokera m'wailesi yakufa. Mnyamata ndi amene anaika mpeni m'moto. Agogo sanaugwire ndi manja.

Fu, fu, fu, fu! Mpeni unafiira. Agogo anaukhudzitsa ku maginito. Maginito anaukoka. Anaubwezera m'moto. Anayesanso. Tsopano maginito sanaukoke. Citsulo cimaleka kukokedwa ndi maginito cikatentha kufika pa madigiri 770. Madzi amawira pa madigiri 100 okha. Agogo anadikira pang'ono, kenaka anauviika m'mafuta. Cuuu! Utsi unakwera.

Ndiye kunamveka kaphokoso kakang'ono. Thi!

Agogo anatulutsa mpeni. Anaupukuta. Anaupapasa. Kukamwa kunali kopindikapindika ngati tsamba la mpiru. Pakati panali mng'alu.

Kunali zii. Mnyamata anayang'ana pansi. Misozi inalengeza m'maso. Akanatha kukhala cete. Agogo saona bwino. Koma anagwada.

"Agogo, ndine. Ndinapala m'mawa inu mutacoka. Ndinafuna kuti uthwe."

Agogo anakhala nthawi osayankha. Nkhuku ija inali itapita. Masiku anayi anali atapita.

"Citsulo candiuza kale," anatero agogo. "Koma ndakondwa kuti wanena ndi pakamwa pako. Tamvera. Pamene paonda pamatentha msanga, pamaziziranso msanga. Pamene pakhuthala pamacedwa. Tsono zimakokana. Poonda pamagonja, pamapindika kapena kusweka."

"Pepani, agogo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pita ukauzenso amayi ako."

Mnyamata anapita. Kunena kwa amayi kunali kovuta kuposa kunena kwa agogo. Amayi anamvetsera. Anati: "Wandiuza zoona. Samba m'manja, udye nsima."

Cidutswa comaliza

M'nyumba munatsala cidutswa cimodzi. Pakhomo panatsala nkhuku imodzi, yoikira mazira. Cidutswa ici cikanaonongeka, panalibe cina.

Bambo anati kwa agogo: "Apongozi, kapena ndipale ndine. Mwanayu n'ngwamng'ono."

Agogo anapukusa mutu. "Inu muli ndi denga loti mufolere mvula isanagwe. Ndiponso m'mudzi muno munthu amene akudziwa bwino cifukwa cake mpeni umasweka ndi mwana ameneyu."

Anasulanso. Anagonekanso mpeni m'phulusa. M'mawa agogo anatenga tupa ndi kuiika m'manja mwa mdzukulu wawo. Mnyamata anailandira ndi manja awiri.

Analemba mzere pakati. Anapaka mwaye. Kankha, nyamula. 20 mbali iyi, 20 mbali inayo. Matuza anaphulika, koma sanaleke. Pa tsiku laciwiri anaima yekha. Anatenga kandalama ndi kukalinganiza ndi kukamwa kwa mpeni.

"Agogo, ndaleka pamenepa."

Agogo anapapasa kucokera kumcira mpaka kunsonga. Anatembenuza. Anapapasanso.

"Mitsetse yafanana. Wacita bwino."

Madzulo anakoleza moto. Amayi, bambo ndi mlongo wake anaima capatali. Mpeni unafiira. Maginito analeka kuukoka. Agogo anauviika m'mafuta, coongoka, osaugoneka cam'mbali. Cuuu! Mnyamata anachera khutu. Mtima unali kugunda. Kaphokoso kaja sikanamveke.

Agogo anayesa kupala kukamwa ndi tupa. Tupa inangotereka, osadya. Mpeni unali utalimba.

"Watha, agogo?"

"Ayi. Tsopano walimba ngati galasi. Ukagwa pamwala ukhoza kusweka. Tiubweze mtima pang'ono."

Anaukweca ndi mcenga mpaka unayera. Anaugoneka camsana pamwamba pa makala osayaka kwambiri, mvukuto uli cete. Uku kunali kuyang'ana kwa mnyamata.

"Ukuona mtundu wanji?"

"Woyera, agogo... Tsopano ukufanana ndi udzu wouma."

"Wafika kukamwa?"

"Wafika!"

Agogo anaucotsa msanga ndi kuuziziritsa. Mtundu wa udzu wouma ndi woyenera mpeni. Ukapitirira n'kufika pobiriwira ngati thambo, kukamwa kumafewa ndipo mpeni umabuntha msanga.

Kunola

Bambo anasema cigwiriro ca mtengo wa mlombwa. Anaboola kabowo. Agogo anakulunga mpeni m'nsanza yonyowa, anawocha nsonga ya mcira yokha, ndi kuilowetsa m'cigwiriro. Utsi unatuluka. Mcira unakhazikika nganganga. Amayi anatsuka mpeni ndi phulusa ndi sopo kuti mafuta onse acoke.

Tsopano anapita kumtsinje. Kumeneko kunali mwala wonolera, wogoneka, wamcenga wosalala. Citsulo colimba tupa sicidya, koma mwala umacidya pang'onopang'ono.

Agogo anathira madzi pamwala. Madzi amacotsa fumbi la citsulo. Anagoneka mpeni pamwala, kenaka anakweza msana pang'ono, mwakuti nsonga ya cala inali kulowa pansi pake.

"Kweza cotere. Osapitirira. Ukakweza kwambiri, ukupanga nkhwangwa. Ukagoneka kwambiri, ukupanga lumo."

Anagwira manja a mnyamata ndi manja awo. Anayendetsa mpeni pamodzi, kucokera kumcira mpaka kunsonga. Sii, sii, sii. Khumi mbali iyi, khumi mbali inayo. Zala zonse zinali kumsana, kutali ndi kukamwa.

Patapita nthawi agogo anati: "Mitsetse ikakumana, kukamwa kumamera kandevu kacitsulo, kopindikira mbali imodzi. Ndiko kamakuuza kuti wafika." Anakapeza ndi cikhadabo cawo, mosamala. Ananola mopepuka mbali zonse ziwiri. Pomaliza anakokera mpeni cambuyo pa cikopa couma. Kandevu kaja kanacoka.

"Ndiyese pa cala, agogo?"

"Mpeni sayesera pa cala. Tenga tomato."

Mnyamata anagoneka mpeni pa tomato. Anakoka pang'ono. Tomato anagawika pawiri, madzi osatayika.

Kwa amayi

Anabwerera kunyumba. Mnyamata ananyamula mpeni nsonga italoza pansi. Sanathamange. Amayi anali pamphasa, akusadzula mnkhwani. Iye anagwada. Anatembenuza mpeni kuti cigwiriro ciloze kwa amayi, ndipo anaupereka ndi manja awiri.

"Amayi, mpeni wanu uwu."

Amayi anaulandira. Anauyang'ana mbali iyi, anauyang'ana mbali inayo. Kenaka anagwira manja a mwana wawo ndi kuona matuza. Sanalankhule. Anadula mnkhwani. Mpeni unali kungotsetsereka. Anayang'ana kwa agogo ndi kuomba m'manja.

"Zikomo, bambo."

"Ine ndamenya nyundo cabe. Uthokoze mwini maso."

M'mawa mwake mnansi uja anafika pakhomo. "Odi! Mpeni wanga wabuntha. Mundibwerekeko wanu." Amayi anaseka, ndipo anamubwereka.

Mpeni wosweka uja sunatayidwe. Agogo anadula pamene panali mng'alu, nasula kampeni kakang'ono. Mlongo wake wa mnyamata atakula anali kusendera mbatata.

Lero

Agogo aja anamwalira kalekale. Mnyamata uja ndi bambo tsopano, ndipo ali ndi ana awo. Cipala cikadali pamalo omwe aja. Zinthu zina zinasintha. Posulira pali cidutswa ca njanji. Pali mwala wozungulira wopalasa ndi mapedulo a njinga. Mwala umenewu umapala msanga kuposa tupa, koma umatenthetsa citsulo. Conco bambowa amaviika mpeni m'madzi pafupipafupi. Akaona kukamwa kwabiriwira, amadziwa kuti pamenepo pafewa. Ponola amavala magalasi kuti tizitsulo tisalowe m'maso. Poviika amagwiritsa nchito mafuta ophikira, cifukwa utsi wa oyilo wakale ndi woipa m'cifuwa.

Koma amalembabe mzere pakati. Amapakabe mwaye. Amawerengabe mbali iyi ndi mbali inayo.

Mpeni woyamba uja ulipo. Amayi, amene tsopano ndi agogo, amausunga m'dengu. Waonda cifukwa conoledwa zaka zambiri. Cigwiriro cinada ndi manja. M'nyumbamo muli mipeni ina ya kusitolo. Koma akafuna kudula mnkhwani, amaitana mdzukulu n'kunena kuti: "Uza bambo ako andinolere mpeni wanga uja."

Mawu oti tiwadziwe

Cipala: malo amene wosula amagwirira nchito.
Mvukuto: thumba la cikopa lopemerera moto.
Mbaniro: citsulo cogwirira zinthu za moto.
Tupa: citsulo ca mano ang'onoang'ono, copalira citsulo cinzake.
Kubuntha: kuleka kuthwa.

Mafunso

1. Kodi amayi anadziceka ndi ciyani?
2. Chulani zinthu zitatu zimene zinali pansi pa mtengo wa mapicesi.
3. Cifukwa ciyani agogo anamanga cipala kutali ndi nyumba?
4. Mnyamata anapala 20 mbali iyi, 20 mbali inayo. Pamodzi ndi zingati?
5. Cifukwa ciyani mpeni woyamba unasweka?
6. Kodi mnyamata anacita ciyani mpeni utasweka?
7. Mukaona citsulo cacilendo m'chire, muyenera kucita ciyani?

Nchito ya kunyumba

Ana: jambulani mpeni. Onetsani msana, kukamwa, nsonga ndi cigwiriro. Funsani agogo kapena amalume ngati m'mudzi mwanu munali wosula.

Makolo: werengerani ana nkhaniyi pang'onopang'ono, gawo limodzi madzulo amodzi. Aonetseni kaperekedwe ka mpeni, cigwiriro kutsogolo. Mwana wamng'ono asanole mpeni yekha, ndiponso asayandikire moto wa cipala popanda wamkulu. Mipeni isungidwe pamalo amene ana aang'ono safikapo.